Bompi si bomba, achimwene

Waterkloof, Pretoria
12 Novembala 1984

Achimwene a Robert,

Ndikupatsani moni poti ndi mwambo, osati kuti mtima wafuna. Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa amayi udasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, ntchito ya m'dimba la azungu ikuyenda, koma tulo sindikutiona chifukwa cha inu.

Kalatayi ndapatsira mnzanga Grain pamanja, ku positi sindingaiponye. Iyeyu ndiye adandiuza kuti mkazi wanga Dailesi adamutenga apolisi, nakhala masiku atatu ku boma akumufunsa za mabomba amene ati ndikugulitsa ku Joni. Akuti khanda lidatsala likulira osayamwa. Akutinso amene adakanena kwa tcheyamani wa chipani ndinu.

Tamverani tsono. M'kalata ija ndidatumiza kumudzi ndidalemba kuti Loweruka masana ndimagulitsa bompi ku Marabastad, pokwerera mabasi. Bompi ndi madzi otsekemera othira mtundu, oumitsa mu firiji m'timapepala ta pulasitiki titalititali. Ana amaboola ndi mano n'kumayamwa. Dzinalo ndidatengera kwa mayi wa ku Kepi amene amandiumitsira. Azulu amati isikeda, anzathu a ku Zimbabwe amati firiziti, ena amangotchula dzina la kampani lolembedwa papepalapo. Chinthu chake n'chimodzi, ndipo chikakhalitsa padzuwa chimasanduka madzi.

Inu amene mudafika Sitandade 8 mungalephere kusiyanitsa bompi ndi bomba? Ayi, mudawerenga bwinobwino. Chidakuwawani ndi malata amene ndidafolera nyumba ya Dailesi pomwe yanu ikudontha. Kuno chiphulikire bomba lija m'tauni chaka chatha, munthu wakuda akanyamula bokosi amamuimitsa. Ine andisecha kawiri, apeza ayezi, andisiya. Wondipachika wapezeka m'bale wanga wa bere limodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa tcheyamaniyo ndi Grain, mukanene pamaso pa amalume kuti mudanama. Mukapanda kutero ine kumudzi sindingapondeko, ndipo amayi akadzatisiya mudzafotokozere nokha anthu chimene ndalekera kubwera kumaliro.

Moni kwa amayi, amalume, alamu anga a Malita ndi ana onse. Dailesi ndamulembera yakeyake. Jekete lija mudapempha ndidagula ndithu, koma ndamupatsa Grain azivala.

Ndine mng'ono wanu,
Chakufwa