Wadson akafika musamufulire mowa

Halale,
Ogasiti 1953

Okondedwa achemwali a Dorica,

Ndafuna kumva za moyo wanu ndi wa amayi, makamaka mwendo uja ngati unaphwa. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi la simenti.

Nkhani ndi ya mng'ono wathu Wadson. Atuluka m'ndende mwezi wamawa ndipo boma limukweza sitima mpaka pa Balaka, kuno atopa naye. Mlandu ndi womwe uja, kuledzera n'kumenya munthu.

Ndinakamuona Lamulungu. Achemwali, ndinatsala pang'ono kumupitirira! Wanenepa, maso ayera, manja sakunjenjemeranso. Akuti masiku oyamba ankaona njoka pakhoma, dokotala wa m'ndendemo n'kumamugoneka ndi mankhwala mpaka zinatha. Kenaka anamuphunzitsa kupala matabwa.

Ine mutu unaima. Ngati ndende imachiritsa chonchi, nanga bwanji anthu omwewo amabwereranso? Ndinafunsa mlonda wa pamenepo, a Yoram a ku Nsamala. Anayamba ndi kundiseka kuti kodi ndasanduka loya, ine n'kuwayankha zoti sindingalembe pano. Kenaka anandiuza kuti matendawa satha mkatimo, amangodikira pachipata. Akuti amene amatengedwa ndi aphunzitsi a mishoni n'kupatsidwa ntchito, ambiri sawaonanso. Amene amalandiridwa ndi anzawo, mvula isanagwe abwera kale, bulangete lawo lisanazizire. Kaya n'zoona kwa onse, ndikufunsabe. Koma ulendo watha Wadson anamulandira ndi anzake, zotsatira zake mukuzidziwa.

Pempho langa ndi ili, ndipo sindizungulira. Amayi ndimawadziwa, akangomva aviika chimera, ati wobwera kuulendo salowa m'nyumba kukhosi kuli gwa. Iyayi. Musafule mowa, ngakhale chipanda chimodzi. Pakhale thobwa losagonera. Atsibweni a Bizwick akakwiya muwauze kuti wanena ndi Hilary, andilembere okha. Alamu akamuchingamire pa siteshoni, asadutse naye pamsika wa Nsanama, ndipo kukacha mumupatse chitseko cha amayi chija akonze.

Musati ndi ukali wanga wokha. Potsanzikana, mwini wake anandinong'oneza kuti ndende sakuiopa, akuopa fungo la pakhomo pathu tsiku lofika.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, atsibweni ngakhale akwiye, ndi ana onse.

Tsalani bwino. Ndine mlongo wanu,
Hilary Jimu