Takondwa Sandiyang'ana M'maso

Lachinayi, Juni 2016, Ivory Park

Lero kwazizira, ndipo mutu wanga sukugwira. M'mawa ndinapita ndi mwana wanga Takondwa, wazaka zinayi, kuchipatala komwe akuchita kafukufuku wa ana ochedwa kulankhula. Adokotala anamupatsa tigalimoto. Iye anangotindandalika pamzere, osacheuka ngakhale amuitane dzina.

Kenako adokotala anandifunsa, "Mama, amakuyang'anani m'maso?"

Ndinayankha monyadira kuti ayi, ndi mwana waulemu. Kwathu ku Dedza mwana wotuzulira akulu maso ndi wamwano. Ngakhale kutchalitchi azimayi amandiyamikira kuti ndinalera bwino.

Adokotala sanamwetulire. Akuti chimenecho chingakhale chizindikiro cha otizimu, vuto lina la muubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu, koma sanatsimikize, tipitenso akamuyeze bwinobwino. Akuti pakadali pano ndizisewera naye nditagwada, nkhope yanga pafupi ndi yake.

Abambo ake a Takondwa akuti vuto ndi moyo wa kuno ku Joni, mwana wasokonezeka ndi Chizulu, Chingerezi ndi Chichewa. Kaya.

Madzulo ano ndayesa. Ndagwada n'kunena, "Tako, tandiyang'ana." Wayang'ana ndolo yanga. Nthawi yonseyi ndimati akundilemekeza. Kodi nkhope ya mayi ake akuidziwa n'komwe, kapena...