Mlendo Waliritsa Amayi

Wapamtima,

M'mawa uno kwabwera abambo ena aimvi, osanena dzina, angofunsa amayi anu. Paja chichotsereni ng'ala ija amayiwo kuwala kumawathobwa, nkhope amaziona ngati zili m'nkhungu. Koma atangomva mawu a alendowo avula magalasi akuda aja n'kuyamba kulira, uku akutikita diso lomwe adokotala analetsa kuligwira. Lafiira, akuti likuwawa, ndiye tikuthamangira kuchipatala. Pepani, m'malo mowaletsa ine ndinangoti kukamwa yasa ngati ndikuonera filimu.

Mankhwala odontheza aja atha, mugule ena mutipeze nawo. Mubwere ndi mtima wofatsa, diso lija silikufunanso misozi ina. Alendowo tapita nawo, amayi akukana kuwasiya dzanja. Amayi akuti alendowa anachoka pakhomo inu mukukwawa. Ndi bambo anu.