Dzino la Makumi Anayi

Lolemba, 4 Malichi

Kompyuta yakale ija yafa. Kudina, zii. Kudinanso, zii. M'menemo ndi momwe muli mawu a malemu mayi a ana, amene mwana wanga wamkazi anawajambula akuimba chaka chomwe anatisiya. Kwina kulikonse kulibe. Mkamwini akuti, "Bambo, chimenechi n'chongotaya basi." Chongotaya! Komabe wamasula n'kunditulutsira kabokosi kachitsulo, kolemera ndithu. Akuti ndi hadi disiki, mawuwo amakhala m'menemo. Ndakakulunga m'mpango.

Lachitatu, 6 Malichi

Mashopu atatu a okonza makompyuta. Mawondo kuwawa. Konseko kuseka. Wina akuti, "Agogo, aka n'ka IDE, anzake anagona kumanda kalekale." Akuti makompyuta a lero amalowa kachingwe kowonda, pomwe aka kamafuna chingwe chophwatalala ngati lamba, cha mano makumi anayi. Ndiye chingwe chimatha dziko lonse? Nanga ankapangiranji?

Wachinayi ndi mayi wina kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Magalasi pamphuno, mawaya mbwee patebulo. Yekhayu sanaseke. Ali ndi kompyuta yakale kunyumba, abwera nayo Lolemba pamodzi ndi lamba wake. Potsanzikana akuti, "Koma musakagwiregwire, bambo." Ngati ndine mwana.

Lachinayi, 7 Malichi

Ndinangofuna kuona. Pakhonde, dzuwa lili bwino, ndawerenga timano ta kumbuyo kwa kabokosi kaja. Mizere iwiri. Makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Kubwereza ndi nsonga ya singano, chimodzimodzi. Pakati pali mpata ngati mwana woguluka dzino.

Onse aja anati makumi anayi. Wathyola ndani? Anamasula ndani? Mkamwini ndamuuza pamaso, sindimadziwa zonong'ona. Iye akuti, "Ine sindinathyole kanthu, bambo." Mwana wanga n'kuikira kumbuyo mwamuna wake. Chakudya tadya ngati tili pamaliro.

Loweruka, 9 Malichi

Moyo wanga wonse kukhoma zidebe, kumata mapoto ndi maketulo a anthu. Dzino limodzi lindikanike ine? Ndapeza kawaya kamkuwa, kukapala pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi anzake. Pomata kawayako, maso kulengeza misozi ndi utsi. Mtovu unadontha pang'ono. Pang'ono chabe. Tsopano ali makumi anayi, ndawerenga katatu.

Ndi mkamwini, moni wokha.

Lolemba, 11 Malichi

Lamba sakulowa. Mayi uja kukankha, kutembenuza, kenako kuyang'anitsitsa pawindo. "Bambo, dzino ili lamera liti?" Ine n'kufotokoza monyadira, mpaka m'mene ndinapalira waya. Anavula magalasi, manja kumutu. Wandionetsa lamba wake: bowo limodzi pakati n'lotseka. Akuti amapanga dala choncho, dzino limodzi kulisiya, kuti munthu asalowetse chozondoka. Kabokosi kanga kanabadwa kotero.

Ndiye amaneneranji kuti makumi anayi? Anthu ophunzira kuwerenga n'kuwakanika? Kapena kulembapo kuti pano tachotsa dala, akanathyoka dzanja?

Choipa n'chakuti mtovu wanga wamata mano awiri oyandikana. Akanayatsa osaona, mwina zonse zikanapsa. Ayesa kuchotsa, koma sakulonjeza. Ndabwerera wapansi. Basi ndinangoyiona ikudutsa.

Lachiwiri, 12 Malichi

Kupepesa mkamwini. Iye akuti, "Palibe kanthu, bambo," ndi kamwetulira kake kaja. Bola akanandilalatira.

Lachisanu, 15 Malichi

Uthenga palibe. Ndayesa kukumbukira nyimbo ija. Mawu ake ndikuwadziwa onse, koma liwu lawo silikubwera m'mutu. Ngati lapsa, ndaliwotcha ndine, ndi manja angawa.

Lachitatu, 20 Malichi

Foni m'mawa. Kabokosi kayaka, kakugwira ntchito. Ndinapita ndi nsapato zosamanga.

Mayi uja anandiveka zomvera m'makutu n'kudina. Mayi a ana, eni ake, akuimba. Koma pamwamba pawo, kho! kho! kho! Nyundo. Ndine ameneyo, pabwalo, kukhoma chidebe cha munthu amene sindikumukumbukiranso. Mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo liwu lawo likungomveka bwino pomwe nyundo yapuma. Ndinafuna kumukuwira mkulu wa nyundoyo kuti akhale chete.

Chakumapeto asiya kuimba, akuuza mwana, "Kawauze bambo ako aleke kaye. Aa, asiye, samva amenewo." Ndiye kuseka. Kuseka kwawo kuja ndinali nditakuiwala.

Mayi wokonza akuti alipo munthu wodziwa kusefa phokoso, angayese kuchotsa nyundoyo. Ndati ayi, wina asakhudzenso kanthu. Ndangomupempha abwereze pomwe akusekapo. Wabwereza kanayi, makasitomala akudikira pakhomo, ine ndikungomvetsera.