Nkhoswe ya Tisungeni

Domasi,
14 Ogasiti 1996

Okondedwa Achimwene a Yoswa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, kaya ku Harare, kaya ku Nampula, poti inu masiku ano simudziwika kumene mwagona. Ndapatsira a Aufi, dalaivala wa lole uja munamupatsira katundu wathu.

Katunduyo tinalandira: mabulangete a ku Zimbabwe, mapoto ndi zitenje. Zikomo kwambiri, Mulungu awonjezere pamene mwachotsapo. Kuno mpunga wacha bwino, ndipo ogula akufika ndi malole mpaka kumunda, akuti ena amakaugulitsa kunja. Wailesi nayo sikupuma kutiuza kuti maiko athu ano akusanduka msika umodzi. Nkhondo itatha ku Mozambiki, msewu wa ku Tete n'kutseguka, ine ndinavina nawo. Ndinkati achimwene apeza pogwira, sindinadziwe kuti msewu womwewo undilanda mlongo wanga.

Nkhani ndi ya mwana wanga Tisungeni, mphwanu uja munamusiya akusewera fulaye. Pano ndi namwali, ndipo Kizito, mphunzitsi wa ku Malosa, akufuna kumukwatira. Mnyamatayo ndi waulemu, ngakhale amayankhula ngati tonse tili m'kalasi mwake. Akwawo abwera kangapo kudzafunsa za chinkhoswe, ine yankho langa ndi limodzi lomwe: mwini mbumba ali paulendo. Ulendo wathawu ndinawayalira bulangete lanu latsopano pamkeka kuti aone kuti tili ndi munthu. Mkulu wawo analisisita nati, "Mayi, bulangeteli n'labwino ndithu, koma ife sitingakambirane ndi bulangete. Kodi mwanayu alibe malume?" Ndinangoseka nawo, koma manyazi anandigwira mpaka m'mafupa.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi china. A Sumaili, amene amagulitsa nsomba pa Liwonde, akuti anakuonani mwezi watha mukukweza matumba m'sitima ya ku Nayuchi. Ndinawatsutsa, koma anafotokoza mpaka chipsera chanu cha pachipumi. Achimwene, pa Liwonde pomwepa! Mumawoloka malire a maiko ngati mukudumpha ngalande, koma kukwera minibasi kuti mudzamwe madzi kwanu kwakulakani? Sindikukalipa ayi. Ndakusowani, basi. Chimwalirireni amayi, palibe wina amene ndingakhale naye pakhonde n'kumakumbutsana nyimbo zawo za Chilomwe zija. Ndikayamba ndekha ndimathera pakati, poti mawu ena munkawadziwa ndinu.

Akuchimuna atopa kudikira, ndipo atipatsa Loweruka lomaliza la Seputembala. Abale akuti mukapanda kufika, aimirire a Harry, mwana wa amayi aang'ono. Mukuwadziwa a Harry: mlandu wa mbuzi amauweruza mpaka eni ake kumenyana. Inunso mukudziwa kuti unkhoswe si wa tsiku limodzi. Amene adzalandire tambala tsiku limenelo ndi amene Tisungeni azidzathamangirako banja likavuta, moyo wake wonse. Mukadzabwera pambuyo pake mudzakhala mlendo wolemekezeka, tidzakupatsani mpando wabwino, koma mawu simudzakhala nawo. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndayamba kuopa.

Musatumizenso katundu, m'nyumba mwadzaza. Malonda sathawa, malirewo mudzawapeza ali chitsegukire.

Alamu anu akupereka moni, akuti njinga yanu akuithirabe mafuta. Amayi a mvano amafunsa za inu Lachinayi lililonse. Tisungeni akupereka moni wapadera. Za a Harry sakudziwa, za pa Liwonde sindinamuuzenso. Atandifunsa dzulo tikupeta mpunga, ndinamuyankha kuti, "Amalume ako akubwera, usade nkhawa." Achimwene, musandisandutse wabodza pamaso pa mwana wanga.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Alesi