Thanki Linauma Alendo Asanafike

Debre Markos
14 mwezi wa Ginbot, 2016

Okondedwa Bambo,

Ndili wamng'ono munkandinyamula paphewa dzuwa likamatuluka, n'kumati, "Tsigereda, 12 koloko yakwana, tsiku layamba." Mpaka lero ndimawerenga nthawi choncho, ngati wina aliyense kuno.

Ine ndili bwino. Ndikudya, ndikugona.

Paja ndinakuuzani kuti chaka chino tinaphatikiza masamu anga, sayansi ya a Demelash ndi zamakompyuta kukhala phunziro limodzi. Ana anayeza dimba la sukulu, anawerengera madzi ofunika pa mbande za anyezi, kenako anapanga kachipangizo kotsegula mpopi wa thanki pa nthawi imene wakauza. Ahedi, Ato Zeleke, anati akuluakulu a zamaphunziro akabwera kudzakaona n'kukhutira nako, phunziroli lipitirira chaka chamawa.

Alendowo anati afika 3 koloko m'mawa, patatha maola atatu dzuwa litatuluka. Mulualem, mtsikana amene kale sankatsegula pakamwa m'kalasi, ndiye analemba 3 m'kachipangizoko. Anandionetsa, ine n'kuvomera. Sindinakumbukire kuti makina amayamba kuwerenga maola pakati pa usiku, osati dzuwa likatuluka. Mpopi unatseguka tonse tili m'tulo.

Alendo anapeza thanki louma, mbande zili m'matope. Mulualem anadina batani la kachipangizoko, anadinanso. Sipanadonthe kanthu.

A Demelash anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi a masamu, digiri yonse ija, wotchi yakugwetsani?" Ankafuna ndiseke. Mwina ndinasekadi, sindikukumbuka.

Alendo anamwa khofi, n'kunyamuka. Ato Zeleke sanakalipe. Anangoti, "Chaka chamawa aliyense abwerere pa bolodi lake."

Ndinkayembekeza kuti ndilira. Ndinangopita kukatsuka makapu.

Dzulo Mulualem anandipeza pakhomo la kalasi. "Aphunzitsi, komatu kanagwira ntchito. Kanatsegula nthawi yomwe tinakauza." Ndinati n'zoona. Anafunsa ngati tidzayesenso. Ndinamuuza kuti akawerenge, mayeso ayandikira. Lero wakhalanso pampando wakumbuyo umene ankakhala kale, ndipo sanakweze mkono.

Mwina ntchito imeneyi inkafuna munthu wina, Bambo. Sindikudziwa.

Mundipatsire moni Amayi. Muwauze kuti anyezi ndinawalonjeza aja agule kumsika. Mankhwala a maso musadumphitse.

A Demelash akudzera kwanuko mawa, ndipo panopa aima pakhomo, akuloza wotchi yawo. Ndikupinda mapepalawa ndiwapatse.

Ndine mwana wanu,
Tsigereda