Nzama za kumtunda kwa kasupe

Chisenga, Chitipa

Okondedwa Amayi,

Ndakulonjerani ndi manja awiri. Muli bwanji, nanga bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino. Kusukulu ana ayamba kundizolowera, nanenso ndikuyankha yewo m'malo mwa zikomo ngati wobadwira konkuno.

Koma Amayi, mwana wanune ndinachita zamanyazi. Anyina Wezi, mayi amene ndayandikana nawo nyumba, anandibwereka kamunda kumtunda kwa kasupe amene tonse timatungapo. Ine ndi nzeru zanga zauphunzitsi ndinadzala chimanga ndi tomato, feteleza n'kuthira mosaumira, mankhwala n'kumapopera sabata ndi sabata. Mvula ya Febuluwale itakokololera zonsezo kumunsi, madzi anayamba kununkha, ndele n'kudzaza pakasupe.

Palibe anandikalipira. Ndinkangoona azimayi akudutsa pakhomo panga ndi zidebe kupita kumtsinje wakutali, moni n'kumandipatsa ngati kale. Ine n'kumati anthu akuno amangokonda kuyenda, poti mapiri sawaopa! Miyezi iwiri yathunthu, Amayi.

Nditafunsa, Anyina Wezi anandiuza kuti kumtunda kwa kasupe amadzalako mawere, nyemba ndi mbatata basi, mbewu zosalira feteleza kapena mankhwala. Anati kunawavuta kuletsa mlendo, komanso mphunzitsi wa ana awo. Ndinalira. Mayiwa ndi amsinkhu wanu, ndipo ndine ndinawasenzetsa chidebe pachitunda. Zoonadi safunsa anadya phula.

Kasupe tinamuyeretsa ndipo madzi ayera, koma anthu sanabwererepo. Akudikira aone chimene ndidzale mvula ikagwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Munditumizireko mbewu ya nzama zanu zija mumasunga mumphika wa phulusa, poti nazonso sizilira feteleza kapena mankhwala. Achimwene azikweze basi Novembala asanathe. Ndikudziwa museka, poti ndine ndemwe ndinkati nzama ndi mbewu ya nkhalamba. Sekani ndithu, muuzenso anzanu kutchalitchi, koma tumizani. Mulembenso kuti mumadzala motalikirana bwanji, chifukwa nthawi imene munkandiphunzitsa ine maso anali kumsewu.

Ndikufuna ndidzaone Anyina Wezi akutunga pafupi. Ndikawaona akukwera chitunda chija ndimaona inu, ndipo mtima umandiwawa.

Mundiperekere moni kwa malume, azakhali, achimwene ndi alamu anga, osaiwala adzukulu anu osamvawo. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu amene wayamba kumva,
Esnart